Makiyi Amene Bambo Sanandipatse

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene ndinasewera mufilimu koyamba ndi komaliza. Filimuyo inali ya mphindi makumi awiri basi, yokamba za anyamata okwera njinga zamoto m'misewu ya m'tauni, ndipo onse amene anaionera sangadzaze basi imodzi. Koma ndi imene inachotsetsa bambo anga ntchito ku Dubai.

Tinkakhala ku Discovery Gardens, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene tinkagawana ndi banja lina la ku Zambia. Ife chipinda chathu, iwo chawo, khitchini ndi mikangano ya m'firiji zinali za tonse. Mayi ankagulitsa nsalu m'sitolo ina ku Al Mankhool. Bambo anali dalaivala wa bwana wina, mbadwa ya komweko, amene anali ndi nyumba zosungiramo katundu ku Al Quoz. Anamugwirira ntchito zaka khumi ndi chimodzi osaphwanya ngakhale galasi, ndipo zimenezi ankazinena pafupipafupi moti ine ndi mayi tinkawamalizira mawuwo. Viza yanga inali pa dzina la bambo, ya bambo inali pa dzina la bwanayo. Kumeneko munthu umakhala choncho, wolendewera pa dzina la wina, ndipo ntchito ikatha umapatsidwa masiku owerengeka oti ulongedze.

Ana a bwanayo anali ndi njinga zamoto zinayi za mumchenga, zazitali, zamatayala okhala ndi mano, zopanda nambala chifukwa sizinkaloledwa pamsewu. Zinkasungidwa ku Al Quoz, kuseri kwa milu ya matailosi. Lachisanu lililonse m'nyengo yozizira, swala ya kumzikiti ikatha, bambo ankazikweza pangolo n'kupita nazo kuchipululu, ine ndili pambali pawo. Ana a bwana ankathamanga ola limodzi n'kutopa, kenaka ankakhala pamkeka n'kumaseweretsa mafoni. Apo wamng'ono ankandikodola ndi dzanja kuti yalla, kwera. Bambo sankakondwa nazo, koma sakanaletsa mwana wa bwana kubwereketsa chinthu chake. Pakutha pa nyengo ziwiri ndinali nditawaposa onse. Ndinkatha kudzutsa tayala lakutsogolo, njinga n'kuima chilili, ine n'kumayenda pa tayala limodzi mpaka nditafuna ndekha kulitsitsa. Kusukulu ndinali mwana amene aphunzitsi ankamuiwala dzina, koma pa chinthu chimodzichi ndinali katswiri, ndipo ndinayamba kudzimva.

Amene anandionera ntchito anali Kelvin, mwana wamkulu wa banja la ku Zambia lija. Masana ankagwira ntchito kosindikiza zikwangwani, madzulo ankaphunzira zojambula mafilimu pakoleji ina, ndipo kuti amalize maphunzirowo ankafunika kujambula filimu yakeyake. Nkhani anali nayo kale. Mnyamata wina wopanda bambo akufunitsitsa kulowa m'gulu la anyamata okwera njinga m'tauni. Iwo akumuseka, iye akugwa, akulimbikira, ndipo pomaliza akudutsa pakati pa msewu pa tayala limodzi, kusonyeza kuti tsopano wakula. Kelvin ataona pafoni yanga mmene ndinkachitira kuchipululu, anati mnyamatayo ndi ine.

Zambiri tinajambula pamasitepe a nyumba yathu ndi poimika magalimoto. Ndinkayenda uku ndi uku nditakwinya nkhope, chifukwa Kelvin ankati munthu wa mavuto saseka. Tsiku lina bambo anatilola kujambula ku Al Quoz ndili pamwamba pa njinga yosaliza, iwo ataima pakhomo, makiyi a nyumba yosungiramo katunduyo ali m'manja. Kelvin atayamba kukamba zotulutsa njingayo pamsewu kamphindi kochepa, bambo anapukusa mutu.

"Zoimaimazo jambulani," anatero. "Koma njinga za eni sizituluka pakhomo pano ine ndili moyo. Kuno n'kwa eni, ana inu."

Kelvin anavomera mwaulemu ndithu, manja ali kumbuyo. Titafika kunyumba anandikokera pakhonde.

"Boi, nifuna che shot imozi pa tara. Mu mchenga aliyense angakwanise. Pa Friday one koloko Al Quoz yonse ili ku mosque, na police ili ku mosque. Five minutes, khalas, tabweza."

Sindingamunamizire kuti anandikakamiza. Ndinali nditavomera asanamalize kulankhula, ndipo za makiyi ndinamuuza ndine. Bambo sankalowa ndi makiyi a ntchito mumzikiti, ankati amalira m'thumba munthu akamagwada. Ankawabisa pansi pa thailosi ina yosweka pafupi ndi chitseko, ndipo amene ankadziwa malowo tinali anthu awiri.

Lachisanu limenelo tinafika ku Al Quoz dzuwa lisanafike paliwombo, monga mwa nthawi zonse. Bambo anabisa makiyi, tinayenda wapansi kupita kumzikiti wa anthu ogwira ntchito, misewu itatu kuchoka pamenepo. Pachipata ndinawauza kuti m'mimba mwandivuta, ndipita kuchimbudzi, ndikadziyeretsenso, ndiwapeza mkati. Anandiuza kuti ndifulumire. Ndinazungulira kuseri kwa mzikiti n'kuliyatsa liwiro kukatenga makiyi aja, Kelvin akundidikira komweko.

Pali chinthu chimene sindinkachidziwa. Ine ndi bambo tinkalawirira, choncho nthawi zonse tinkaswali mkati, m'mizere yakutsogolo, pakapeti wozizira. Sindinaonepo zimene zinkachitika panja swala ili mkati. Mabasi ochokera m'makampu a ogwira ntchito ankafika mochedwa, mzikiti utadzaza kale, ndipo anthuwo ankayala makatoni ndi manyuzipepala pabwalo, bwalo likadzaza ankapitirira pamsewu, mzere pa mzere, mpaka kukhota pangodya. Kelvin ndi Mkhristu, zimenezi sakanazidziwa. Ine Msilamu wa Lachisanu lililonse ndinkati ndikudziwa.

Msewu umene tinasankha unalidi zii. Zitseko zachitsulo zonse zinali zotsitsa, malole ataima m'mbali, fungo la girizi ndi utoto likutuluka m'makoma otentha. Kelvin anagwada pakati pa msewu ndi kamera yake, n'kundiuza kuti ndimudutse, ndikafika pa lole yobiriwira nditsitse tayala ndibwerere. Ndinaliza njinga. Phokoso lake pakati pa makoma amenewo linali lina, osati la kuchipululu kumene mchenga umameza zonse. Ndinapotokola mafuta, ndinasiya kilatchi, tayala linadzuka bwinobwino kuposa masiku onse. Ndinamudutsa Kelvin. Ndinafika pa lole yobiriwira, koma njinga inali itakhazikika mokoma kwambiri moti ndinakana kutsitsa. Msewu unkapindika pang'onopang'ono kumanzere, ndinaulondola.

Nditatsitsa tayala, kutsogolo kwanga kunali misana ya anthu. Msewu wonse, kuyambira khoma ili mpaka khoma ilo, unali utadzaza ndi anthu owerama, manja pamawondo. Ndinagwira buleki zonse ziwiri. Patara panali mchenga wouluzika ndi mphepo, njinga inaterereka chammbali, inandisiya pansi n'kupita yokha. Inamwaza mulu wa nsapato n'kukaima pamapazi a bambo wina wachikulire amene anali kumapeto kwa mzere womaliza. Bamboyo anagwera kumbali akubuula.

Palibe amene anacheuka. Mawu a shehe anamveka pa chimkuzamawu, mizere yonse inaweramuka, kenaka inagwetsa mphumi pansi. Njinga inali ikulirabe chogona, tayala lakumbuyo likuzungulira. Ine ndinali chigonere patara, khungu la pachigongono litasupuka, ndipo sindinkamva ululu uliwonse. Ndinkangoona zinthu. Ndinaona kuti mumzere womaliza womwewo, anthu anayi kuchoka pa wovulalayo, panali mkanjo wotuwa umene mayi anasita m'mawa. Bambo sanalowe mkati tsiku limenelo. Anandidikira pachipata mpaka malo anatha, ndipo ankaswali pamsewu, pakatoni. Pambali pawo panali katoni ina yopanda munthu, ataikapo chipewa chawo kuti wina asakhalepo.

Swala inapitirira mpaka kumapeto. Bambo anapereka salamu kumanja, anapereka kumanzere, ndipo potembenukira kumanzereko ndi pamene maso athu anakumana. Anadzuka, anapita kukazimitsa njinga, anagwada pa munthu wovulala uja n'kumugwira mwendo. Kwa ine anabwera pomaliza. Anandiyang'ana mutu ndi manja ngati mmene amayang'anira galimoto asananyamuke.

Apolisi sanachedwe, sanali kumzikiti onse monga ankanenera Kelvin. Wovulalayo, munthu wa ku Bangladesh wogwira ntchito yowotcherera zitsulo, anathyoka pakakolo, ndipo ambulansi inamutenga. Wapolisi anafunsa kuti njinga ndi ya ndani, mwana ndi wa ndani, nanga waitenga bwanji. Bambo anayankha m'Chiarabu chawo cha pamsewu chosakaniza ndi Chingerezi, chimene ndinkachimva bwino. Anati njinga ndi ya bwana wawo, mwana ndi wawo, ndipo makiyi amupatsa ndi iwo.

Ndinamva mawu amenewo ndili chiimire pomwepo. Munthu amene ankabweza chenje akamupatsa chochuluka, amene anali atangomaliza kuswali, ananama pamaso pa wapolisi ndi pamaso pa anthu mazana. Ndinadikira kuti ndimve mantha kapena manyazi, koma m'kati mwanga munali mopanda kanthu. Ndikukumbukira kuti ndinkayang'ana nsapato imodzi yabuluu imene inagwera mungalande, ndikudzifunsa kuti mwini wake apita bwanji kwawo.

Kunyumba ndinadikira chibakera. Kwathu mwana akalakwa amamenyedwa, nkhani n'kutha, mawa lake mukudyera limodzi. Bambo sanandikhudze. Mayi analira, anandikalipira, anakalipira Kelvin kudzera pakhoma, koma bambo anangokhala pampando akupukuta magalasi awo. Usiku umenewo ndinagona tulo tabwinobwino, ndipo mpaka lero zimenezi zimandichititsa manyazi.

Lamulungu, tsiku loyamba la ntchito kumeneko, bwana anatiitana tonse awiri ku ofesi yake. Sanali munthu woipa. Anatipatsa tiyi, anafunsa za chigongono changa. Kenaka anafotokoza poyera mmene zinthu zinalili. Njinga yake yalandidwa, dzina lake lalembedwa kupolisi, munthu wathyoka mwendo. Ngati mwana anaba makiyi, ndiye kuti ndi mlandu wa mwanayo. Dalaivala apite naye kupolisi, akalembetse choncho, mwanayo abwerere kwawo ku Malawi, dalaivala apitirize ntchito. Koma ngati dalaivala anapereka makiyi a kampani kwa mwana, sangamusungenso ngakhale tsiku limodzi. Bwanayo ankawadziwa bambo, ndipo zinkaoneka kuti sankakhulupirira zimene ananena kupolisi. Anawafunsa kawiri, iwo anayankha chimodzimodzi. Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Saidi, habibi, ndiuze iweyo. Bambo ako anakupatsa makiyi?"

Kwathu mwana salankhula pamlandu pamene bambo ake alankhula kale. Mlandu wa mwana amayankha ndi kholo, ndipo kutsutsa kholo pamaso pa mlendo n'kulivula. Ndinaleredwa choncho, ndipo mwambowo unabwera m'mutu mwanga msangamsanga, ngati mnzanga wodzandipulumutsa. Ndinayang'ana bambo. Iwo ankayang'ana kapu ya tiyi.

"Eya, anandipatsa," ndinatero.

Bwana anati khalas, zatha. Bambo anatulutsa makiyi onse m'thumba, a galimoto, a geti, a nyumba zosungiramo katundu, n'kuwaika patebulo limodzilimodzi. Anathokoza chifukwa cha zaka khumi ndi chimodzi, anagwirana chanza ndi bwanayo. Tinabwerera pa sitima. Aka kanali koyamba kuwaona bambo ataimirira m'sitima atagwira lamba wa kudenga, ndipo chimene ndinaganiza n'chakuti ndi aafupi kuposa mmene ndinkawaonera ali pachiwongolero.

Mwezi wotsatira unali wa mapepala. Bambo anayendera wovulala uja kuchipatala masiku onse mpaka anatuluka, ndipo kawiri ananditenga kuti ndikamupepese ndekha. Anayesa kufunsira ntchito kwina, koma dalaivala amene anapatsa mwana makiyi a bwana palibe ankamufuna. Mwini sitolo ya mayi anathandiza kuti viza yanga isamukire pa dzina la mayi, poti ndinali nditatsala ndi zaka ziwiri kuti ndimalize sukulu. Choncho wolakwa anatsala, wosalakwa analongedza. Pabwalo la ndege mayi analira mpaka mpango unanyowa. Bambo anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndizilimbikira sukulu ndiponso ndizimvera mayi. Ndinati chabwino. Pobwerera ndinadya sangweji m'basi, ndipo inandikomera.

Kelvin anamaliza filimu yake. Ngoziyo sanaijambule, kamera yake inangondiona ndikumudutsa pa tayala limodzi, ndikuchepa, mpaka kuzimirira pamene msewu unapindika. Chimenecho anachiika kukhala mathero, ndi nyimbo pamwamba. Anandipepesa kangapo, n'kundipempha kuti ndipite tsiku loonetsa kukoleji. Ndinapita. Anthu anaomba m'manja, mphunzitsi wina anati chithunzi chomalizacho chikusonyeza ufulu. Ndinaona mnyamata wa nkhope yanga akupita kukakula kuseri kwa ngodya, ndipo sindinamve kunyada kapena chisoni. Ndinkangodziwa chimene chinali kuseri kwa ngodyayo.

Zaka ziwirizo ndinakhala choncho, ngati mwendo umene waugonera. Ndinkapita kusukulu, ndinkakhoza, ndinkalankhula ndi bambo pafoni Lachisanu lililonse. Ankafunsa za mayeso, ine ndinkafunsa za mvula. Za makiyi sitinatchulepo. Sindinakwerenso njinga yamoto, osati chifukwa cholapa ayi, koma chifukwa panalibenso wondibwereka.

Nditamaliza sukulu ndinapita kwathu ku Balaka. Ndinapeza bambo ataonda, ndevu zitachita imvi. Ntchito ya udalaivala inawavuta kuipeza, mabwana ankafuna anyamata, ndipo kagolosale kamene anatsegula sikanapite patali. Tsiku lachitatu, titamwa tiyi, anandiuza kuti ndiwatsate kuseri kwa nyumba. Pansi pa lona panali njinga yamoto yofiira, yogula kwa wina, ya mtundu umene anyamata akabaza amanyamulira anthu pasiteji. Anati anaigula miyezi iwiri yapitayo kuti azipezera ya ndiwo. Anayesa kuikwera kamodzi, anagwera m'munda wa chinangwa, ndipo anachita manyazi kupempha ana a pasiteji kuti awaphunzitse.

"Ndimadikira iweyo," anatero. "Paja umaidziwa. Undiphunzitse."

Anazinena mopanda chipongwe, ngati mmene munthu amapemphera mchere. Tinaikankha mpaka pabwalo la mpira la pasukulu ya pulayimale. Ndinawaonetsa kilatchi, magiya a kuphazi, buleki yakumbuyo. Munthu amene anayendetsa magalimoto akuluakulu m'misewu ya mizere isanu ndi umodzi anakhala pachishalo atauma thupi. Njinga inazima katatu. Kachinayi inanyamuka, ine ndikuthamanga pambuyo nditagwira keriyala, ndikukuwa kuti pang'onopang'ono, Baba, musayang'ane pansi. Kenaka ndinasiya. Anazungulira bwalolo okha, mwapendapenda, mkanjo atapinda m'mawondo, ana a sukulu akuwaseka.

Pamenepo ndi pamene zinandipeza. Ndinakhala pansi pafumbi n'kulira kulira kumene ndinalephera pamsewu wa ku Al Quoz, mu ofesi ya bwana ndi pabwalo la ndege. Bambo anabwera, analephera kuima bwino, anatsetsereka ndi mapazi mpaka njinga inazima. Ndinawauza kuti makiyi aja sanandipatse, ndinaba, ndipo ndikanayenera kunena. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti dzuwa limatuluka kum'mawa.

"Ndikudziwa, ndinali pomwepo," anatero. "Ukanatero, ndikanati mwanayu wasokonezeka ndi kugwa kuja. Dzuka, sunandionetse kokhota."

Lero ndili ndi ana anga awiri, ndipo nkhaniyi ndimaiganiza mosiyana ndi kale. Akulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo bambo anaika mutu wawo pamene panayenera kugwa nkhonya yanga, akudziwa bwino mtengo wake. Zimenezo zinali zawo, anasankha okha, ndipo sindikanawaletsa. Koma "eya" uja anali wanga. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinayankha choncho chifukwa cha ulemu, pomwe zoona zake n'zakuti ndinkafuna kutsala, ndipo ulemuwo unangondipatsa pobisala. Kuuma mtima konse kuja kunali kuopa kuyang'ana chinthu chimodzi chimenechi. Bambo anagwira ntchito ya kabaza zaka zisanu ndi chimodzi, dzuwa ndi mvula, kunyamula amayi a tomato ndi matumba a makala, mpaka mawondo anawakana. Pasiteji anthu akawayamikira kuti amayendetsa mosamala, ankawauza kuti anawaphunzitsa ndi mwana wawo, amene anaphunzira kunja.